Jekete Lopendekera Kumanzere

Ndinapuma ntchito yaupolisi zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, koma anthu a pa boma la Lundazi sanamvebe. Mbuzi ikasowa amabwera kwa ine. Mwamuna akasowa amabweranso kwa ine, ngakhale ameneyo kawirikawiri amatulukira yekha njala ikamuwawa. Masiku ano ndimagulitsa zitenje m'kashopu koyandikana ndi situdiyo ya zithunzi ya a Kenan Zimba, ndipo khoma lotilekanitsa ndi lopyapyala moti iwo akayetsemula, wopepesa ndimakhala ine.

Choncho Lachinayi lija m'mawa, mkangano utabuka kuseri kwa khomalo, sindinadikire kuitanidwa.

"A Sajeni Mphande, mwabwela bwino," a Kenan anatero atangondiona. "Mangani mtsikana uyu. Wanionongela Lundazi yonse."

Mtsikanayo anali Linah Gondwe, wokonza makompyuta, mwana waulemu koma wosagonja msanga. Anali ataima pafupi ndi tebulo, m'manja muli kabokosi kachitsulo kofanana kukula ndi buku lanyimbo laling'ono. Pa benchi panakhala mayi wachikulire, Tryphena Mtonga wa ku Mwase, amene tonse timamutcha a NyaMtonga. Iwo anangofumbatira chikwama chawo pamwendo.

Nkhani yake inali iyi. Kompyuta ya a Kenan inagulidwa mu 2003, ndipo masabata awiri apitawo inazima ndi kafungo kopserera. Linah anaiikira zam'kati zatsopano. Koma hadi disiki yakale, kabokosi kachitsulo kosunga zithunzi zonse za zaka makumi awiri, inakana kugwirizana ndi zatsopanozo chifukwa polumikizira pake ndi pamtundu wakale. Linah anaitanitsa kachipangizo kolumikizira, kotchedwa adaputa, kuchokera ku Chipata, ndipo podikira anaika hadi disikiyo m'dirowa kuseri kwa katani. Adaputa inafika m'mawa umenewo pa minibasi.

A NyaMtonga ndiwo anali pamoto. Loweruka linali tsiku lovundukula mwala wa pamanda a amuna awo, malemu Manasseh Ngoma, ndipo ana ankafuna nkhope ya bambo awo pamwalapo. Chithunzi chimodzi chokha chimene anali nacho kunyumba chinadyedwa ndi chiswe. Chotsala padziko lonse chinali m'hadi disikimo, ndipo wokonza mwala ku Chipata anati chikapanda kumufika pa foni pofika 2 koloko masana a tsiku lomwelo, mwala ubwera wopanda nkhope.

"Adada, nakuuzani katatu," Linah anatero mofatsa, "iyi si hadi disiki yanu. Yanu pakamwa pake ni papakulu, pali mano a waya mizele iwili. Iyi pakamwa ni papang'ono, adaputa sikulowa."

"Unaitulutsa wekha, unaiika m'dilowa wekha," a Kenan anayankha. "Lelo ukuti yasintha pakamwa. Kodi ni mwana wakhanda kuti agulule mano?"

Ine za makompyuta sindizidziwa, koma kuyesa loko ndi kiyi ndimadziwa. Ndinapempha chingwe chimene chinkalumikiza hadi disikiyo m'kompyuta yakufa ija. Linah anandipatsa chingwe chotuwa, chotambalala ngati lamba. Ndinachiyesa pa kabokosiko, ndinachitembenuza, ndinayesanso. Panalibe pamene chikanalowa.

"A Zimba, chitsulo ici sicinakhalepo m'kompyuta yanu olo tsiku limodzi," ndinatero. "Wina wasinthanitsa."

"Ndiye wasinthanitsa ni iyeyu."

"Yayi. Linah akanafuna kukubelani, akanaika ya mtundu womwewo, imwe osadziwa mpaka Yesu kubwela. Wacita izi ni munthu woganiza monga imwe, kuti chitsulo ni chitsulo. Ndani anadziwa kuti ili m'dilowa?"

"Palibe. Ine sinikamba-kamba."

Ndinawayang'ana, iwo n'kuyang'ana khoma. Anakumbukira kupyapyala kwake. Kwa masabata awiri ndinkawamva akutulutsa kabokosiko n'kuonetsa kasitomala aliyense, amvekere Lundazi yonse ili umu, maukwati, maliro, ndi chithunzi cha malemu Ngoma chimene chikaikidwe pamwala anthu onse akuona. Chinsinsi cha a Kenan chimafika ku Chikomeni tsiku lomwelo popanda kukwera galimoto.

Ndinatembenuza kabokosi kachilendoko. Kunsi kwake kunali kadontho kofiira ka penti wa m'zikhadabo. Pa boma lonse pali munthu mmodzi yekha amene amadinda katundu wake motero.

* * *

Obby Nkhata amakonza mawailesi ndi mafoni kumsika, ndipo penti wa m'zikhadaboyo amaba kwa mkazi wake. Amalankhula ngati akuthamangitsidwa.

"Mami Sajeni, ni yanga iyo, sinikana, koma ine nilibe mulandu, mumvele bwino. Inali mu kileti umu, zakufa zokha-zokha, zitatu. Mande napita kukadya, nabwela, zatsala ziwili. Niyang'ana pansi pa mwala wotsamilitsa citseko, pali twente kwacha. Nikuti ah, uyu ni kawalala wa mtundu wanji wolipila? Cinthu cakufa, akanapempha nikanamupatsa mahala."

"Sunamuone?"

"Olo mthunzi wake. Koma mvelani iyi. Lelo kuseni napita kumadzi pang'ono, nabwela, comasulila masikuluwu capita, cija ca mutu wa nyenyezi. Pansi pa mwala, twente kwacha ina. Yopinda kanayi bwino-bwino, mwaulemu, monga ya copeleka pa Sande."

Anaitulutsa m'thumba kundionetsa. Inalidi yopindidwa mwaluso, makona ake ofanana. Pa zaka makumi atatu zaupolisi ndinagwira akuba amitundumitundu, koma wosiya malipiro ndinali ndisanakumane naye, ndipo kunena zoona ndinayamba kumukonda.

Ndinaimbira Linah n'kumufunsa ntchito ya chomasulira cha mutu wa nyenyezi.

"Amama," anatero mawu atatsika, "ni cotsegulila hadi disiki. Akacotsa civundikilo, fumbi likangolowa, zithunzi zonse zafa. Palibe wokazidzutsa, olo ku Lusaka."

Wotchi ya pa foni inati 11 koloko yadutsa ndi mphindi khumi.

* * *

Ndinabwerera ku situdiyo mwendo uli m'khosi, bondo langa lamanzere likundidandaulira njira yonse.

"Kuyambila Mande, ndani walowa kuseli kwa katani?" ndinafunsa.

"Ovala jekete cabe," a Kenan anayankha.

Jekete limeneli likufunika kulifotokoza. Ndi lakuda, la mabatani atatu, ndipo limakhala pa msomali kuseri kwa katani, pamwamba penipeni pa dirowa ija. Mwamuna aliyense wobwera kudzajambulitsa wopanda suti amalibwereka. Mukalowa m'nyumba za ku Mwase ndi ku Chikomeni mupeza pakhoma agogo, bambo ndi mdzukulu, onse atavala jekete lomweli, wina likumumiza, wina likumukanikiza m'khwapa.

"Anali angati?"

"Naini, kapena teni. Maina sininasunge. Nkhope zili mu kamela, koma kamela nayo mtsikana uyu anaiyambanitsa na kompyuta."

Linah anapumira m'mwamba. Anandifotokozera kuti kamera ya a Kenan ndi yamsinkhu umodzi ndi kompyuta yakufa ija, ndipo kagalasi kake koonera zithunzi kanafa kalekale. Kuti zithunzi zituluke, kompyuta imafuna kapulogalamu kotchedwa dalaiva, kamene kamaiphunzitsa kumvana ndi kamerayo. Windozi yatsopano sinkaidziwa kamera yakale chotero, ndipo pa intaneti anafufuza masiku atatu osapeza kanthu.

"Inabwela na sidi yake m'katoni," anatero. "Koma adada akuti inatayika."

"Inatayika kale-kale," a Kenan anavomereza.

Apa ndi pamene a NyaMtonga analankhula koyamba, mwamanyazi, ngati akupepesa.

"Pepani, ine vya makina nikuvimanya yayi. Kweni sidi ni kambale kakung'azima kala? Cifukwa pa njinga ya adada aŵa panja pali kamoza."

Tinatuluka tonse. Kumbuyo kwa chishalo cha njinga ya a Kenan kunali sidi yomangidwa ndi waya, yoti magalimoto aziwaona kukada. Inali itagwira ntchito imeneyo mokhulupirika zaka zoposa khumi. Linah anapukuta fumbi ndi chala, ndipo chithunzi cha kamera ija chinaonekera. A Kenan anakanda m'mutu n'kunena kuti njinga nayo ndi yofunika.

Linah anaitsuka ndi sopo, anaipukuta ndi nsonga ya chitenje changa chatsopano osandipempha, n'kuilowetsa m'kompyuta. Inalira, inakhosomola, inakana. Anaitulutsa, anaipukutanso. Ulendo wachitatu inawerengeka, koma Windozi inati pulogalamuyo ndi yakale kwambiri.

"Niinamiza," Linah anatero, zala zikuthamanga. "Pali poiuza kuti idziyese Windozi yakale. Nthawi zina imavomela."

Inavomera nthawi itakwana 12 koloko ndi theka. Nkhope zinayamba kutuluka pagalasi, mmodzimmodzi, onse m'jekete lomwelo. Mlimi wa fodya wofuna khadi la kalabu. Mnyamata wofunsira ntchito yaulonda. Mkulu wina amene anatsinzina. Ndinkayang'ana manja ndi matumba, nkhope ndinazisiyira a Kenan.

"Bwelela kumbuyo," ndinatero titafika pa wachisanu ndi chitatu. "Kuza apo."

Pa anthu ena onse jekete linakhala mowongoka. Pa uyu linapendekera kumanzere, phewa litakokedwa pansi, ndipo m'thumba munaoneka chinthu cha makona anayi. A Kenan anathamangira kuseri kwa katani n'kubwera ndi jeketelo. Ulusi wa thumba lamanzere unali utathothoka.

Kenako ndinakweza maso kuona nkhope. Anali a Darius Zgambo, mkulu wa mpingo, munthu wa masuti atatu, amene sapita ngakhale kuchigayo wopanda tayi.

"Anabwela pa Ciwili na shati cabe," a Kenan anatero pang'onopang'ono. "Akuti masuti onse ali kocapa. Anakhalitsa kuseli kwa katani mpaka n'nawaitana kawili."

"Alamu ŵane?" a NyaMtonga anagwira pakamwa. "Yayi. Ŵakaŵa mubwezi wa ŵafumu ŵane kufuma ku wanici. Bokosi ŵakanyamula ndiwo."

Bwenzi la malemu kuyambira ubwana, wonyamula bokosi pamaliro. Ndinalibe nthawi yodabwa. Ndinakodola wanjinga ya hayala n'kumuuza kuti apalase ngati kumbuyo kukubwera njovu.

* * *

A Zgambo ndinawapeza kuseri kwa nyumba yawo, pansi pa mtengo wa mango. Anali atayala nyuzipepala pa tebulo, magalasi ali pamphuno, tayi ili m'khosi. Hadi disiki inali patsogolo pawo, ya pakamwa papakulu, mano mizere iwiri. M'kambale ka tiyi munali timasikuluwu tisanu ndi kamodzi. M'dzanja lamanja anagwira mpeni wa kukhitchini, nsonga yake ili pa mpata wa chivundikiro.

Ndinayandikira mosaphokosera, poti munthu wogwira mpeni sumamudzidzimutsa.

"Monile a Zgambo."

"Yewo, a Sajeni." Mawu awo ndi aja a paguwa, olemera, otuluka mmodzimmodzi. "Mwanipeza nikukonza ka wailesi."

"Wailesi yopanda sipika. Ikani mpeni pansi, adada, tikambe. Mukatsegula ico, nkhope ya Manasseh simudzaionanso, imwe na mkazi wake yemwe."

Mpeni unatsika pang'onopang'ono mpaka pa nyuzipepala.

"Sininafune kuononga," anatero. "Mulungu ni mboni. N'nafuna kucotsamo kafilimu kamodzi cabe, kenaka n'bweze zonse. Masikuluwu nacotsa onse, koma civundikilo cikukana."

Iwo ankaganiza kuti m'katimo muli timafilimu tondandalikidwa ngati makadi a kuchipatala, munthu n'kusankhapo kake. Pambuyo pake Linah anandionetsa chimene chinatipulumutsa: sikuluwu yachisanu ndi chiwiri imabisala pansi pa pepala lomatidwa pamwamba, ndipo a Zgambo, munthu wolemekeza zolembedwa, sanaganize zong'amba pepalalo.

"Cithunzi cimeneco cili na ciani?" ndinafunsa.

Anavula magalasi n'kuyang'ana kumbali.

"Munali mu 2004, pa ukwati ku Mwase. Nthawi imeneyo n'nali n'sanatembenuke. Ine na Manasseh tinali osangalatsa anthu. N'navala dilesi la alongo anga, duku, zibangili, m'manja cikho ca mowa. Zimba anatijambula tili limodzi. Cithunzi ca Manasseh ni cimeneco, cina kulibe." Anabwezera magalasi pamphuno. "A Sajeni, caka catha n'naimitsa ana asanu mu kwaya cifukwa covina pa ukwati. Pa Cisulo mpingo wonse uzakhala pamanda, wopemphela ndine. Niime pafupi na mwala, pamwalapo pali ine mu dilesi?"

Ndinaluma mlomo kuti ndisaseke, chifukwa mantha awo anali enieni. Ndinawamveranso chisoni. Munthu anavutika masiku atatu, kuba kawiri, kulipira kawiri, osadziwa kuti chithunzi chimadulidwa.

"Nyamulani kambale ka masikuluwu," ndinatero. "Mukakambe nokha kwa alamu anu."

* * *

Tinafika ku situdiyo 1 koloko itadutsa ndi mphindi makumi awiri. Linah anabwezera timasikuluwu tonse n'kulumikiza adaputa. Ulendo uno inalowa bwinobwino. Kabokosi kanayamba kulira chapansipansi, ndipo a Zgambo anatsinzina milomo ikugwedera. Pagalasi panatuluka mafoda a zaka, kuyambira 2003.

"Mwana wanga," a Kenan anatero akusisita chibwano, "ine n'nadziwa kuti ungakwanitse."

"Yewo adada," Linah anayankha. "Nikumbukila kuti munakamba zimenezo kuseni."

Anatsegula 2004, kenako Mwase. Chithunzi chinadzaza galasi lonse.

Diresi linali lachikasu, la maluwa, ndipo linawathina a Zgambo pamimba. Duku linapendekera, mwendo umodzi uli m'mwamba. Dzanja lawo lodzaza zibangili linali paphewa pa Manasseh. Ndipo Manasseh ankaseka, mutu ataupititsa kumbuyo, maso atatsinzinira, mpata wa mano ake uli poyera.

A Kenan anathawira kuseri kwa katani, koma katani sibisa phwete. A NyaMtonga okha sanaseke. Anadzuka pa benchi, anayandikira, n'kukhudza galasi ndi nsonga za zala.

"Vyaka vinayi," anatero, kenako anapitiriza m'Chinyanja kuti tonse timve bwino. "Zaka folo nakhala nikuyesa kukumbuka mmene anali kusekela. Nikatseka maso n'nali kuona cabe nkhope ya m'cipatala. Ni uyu mwamuna wanga."

Misozi inatsika, ndipo nanenso ndinafufuza kansalu m'chikwama. A Zgambo anagwada pa simenti ndi tayi yawo, n'kupepesa mawu akuduka. Mayiyo anawadzutsa ndi dzanja, anawauza kuti akanangobwera kudzanena, n'kuwonjezera kuti diresilo ankalikumbukira, ndipo linkawakhala kuposa mwini wake.

Linah anadula chithunzicho kuti atsale Manasseh yekha. Koma dzanja la zibangili linali paphewa penipeni, losachotseka popanda kudula khosi.

"Ningalifufute," anatero, "koma nifunika ola lathunthu."

Inali 1:45.

"Lileke," a NyaMtonga anatero. "Amene anamuseketsa asacoke yense."

Chithunzi chinapita ku Chipata kutatsala mphindi zisanu ndi ziwiri. Mlandu sindinaupititse kulikonse, poti wodandaula panalibe, ndipo Obby anakana kulandira chomasulira chake ponena kuti chinagulidwa kale pamtengo wabwino.

* * *

Loweruka ndinatseka shopu n'kupita ku Mwase. Nsalu itachotsedwa pamwala, anthu anaombera m'manja kuona Manasseh akuseka. Kenako manong'onong'o anayamba kumbali ya amayi, ndipo ine khutu la manong'onong'o ndili nalo. Dzanja la zibangililo ndi la yani? La NyaMtonga si limenelo, iye ndi wamanja ang'onoang'ono. Kodi malemu anali ndi wina? Mayi wina anafika ponena kuti ankadziwa kalekale.

A NyaMtonga anawamva. Anaweramitsa mutu, osanena kanthu, chifukwa anali atalonjeza alamu awo kuti pakamwa pawo sipadzatuluka mawu.

A Zgambo anali ataima kale kutsogolo, suti yakuda, Baibulo lotsegula. Nawonso anamva. Anayang'ana mwala, anayang'ana mayi wamasiyeyo, n'kutseka Baibulo. Anapinda mkono wa jekete mpaka m'chigongono, n'kukweza dzanja m'mwamba kuti aliyense alione.

"Abale na alongo, tisanapemphele," anatero ndi mawu awo aja a paguwa, "dzanja ilo ni langa. Zibangili zinali za alongo anga, pamodzi na dilesi. Ana asanu aja a kwaya abwele pa Sande, nili nawo mawu."

Woyamba kuseka anali a NyaMtonga, mutu ataupititsa kumbuyo ngati mwamuna wa pamwalayo, ndipo manda onse anatsatira. Pemphero linachedwa ndi mphindi khumi.